Tsiku Limene Anakanditula kwa a Ngozo

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Mlangeni pali amayi ena amene amayamba ayang'ana pamimba panga asanandipatse moni. Sindiwadandaula ayi. Dzenje limeneli ndinakumba ndekha, ndi cholembera changa chomwe, ndipo ndinalikumba mwaluso ndithu.

Kuti mundimvetse, muyambe mwadziwa mmene sabata yanga inkayendera chaka chimenecho. Lolemba mpaka Lachinayi ndinkagulitsa mugolosale ya Abiti Yusufu, m'mphepete mwa msewu waukulu. Lachisanu m'mamawa ndinkakwera minibasi kupita ku Boma, kukoleji ina kumene ndinkaphunzira zachitukuko cha kumidzi. Ndinkagona konko kwa mnzanga n'kubwerako Loweruka masana. Lamulungu kutchalitchi, tikaweruka kumphakati, kumene ndinali mlembi (mfundo imeneyi muisunge, ibweranso: mudzi wonse unkadziwa dzanja langa). Ndiye m'timipata totsala ndinkalemba nkhani zopeka, mobisa. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa. Ine anga anali atatu, ndiye musafunse mmene ndinanyowera.

Chobisira chinalipo. Ndili Fomu 4 ndinalephera mayeso chifukwa cha matenda omwewa. Anzanga akulimbana ndi masamu, ine ndili kalikiliki kukwatitsa ndi kupha anthu m'kope. Ndinabwereza, ndinakhoza. Nkhani ya koleji itabwera, azakhali anga, alongo awo a malemu bambo, anakana poyera. Anati, "Atsikana a kukoleji amabwerako ndi masatifiketi awiri, ina ya m'manja, ina ya kumbuyo yolira." Amayi ndiwo anandiimira. Anati mwana wanga ndikumudziwa ndine, apite. Koma titatsala awiri anandigwira pamkono.

"Ndaika nkhope yanga pa iwe," anatero. "Zolembalemba zako zija usiye mpaka utatenga pepala lako. Ukandinamiza ubwere tizilima mbatata ya kachewere, tisavutane."

Ndinalonjeza. Ndinanyambita chala n'kuloza kumwamba. Lonjezolo linakhala miyezi itatu yathunthu, ndipo ndikufuna wina adzandiyamikeko pamenepo.

Wondigwetsa anali a Ngozo, mphunzitsi wa Chichewa wopuma pantchito, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri. Ndi bambo amene amathirira kabichi atavala tayi, ndipo khutu lawo lakumanzere linapuma pantchito tsiku limodzi ndi iwo. Tsiku lina anabwera kudzagula mabatire a wailesi n'kundipeza ndawerama pakauntala, ndikulemba. Anatenga pepalalo osapempha, anawerenga ali chiimire, n'kunena kuti, "Alembi, nkhani yanuyi miyendo ili nayo koma ilibe khosi. Loweruka mubwere kunyumba." Chiyambire pamenepo Loweruka lililonse ndikatsika minibasi ndinkayamba ndadzera kwawo. Tinkakhala pakhonde, iwo ndi cholembera chofiira, akazi awo aNambewe akutipatsa tiyi ndi mbatata. Kunyumba ndinkati makalasi amatha mochedwa.

Mu Januwale ndinayamba nkhani yaitali, ya mayi wina wolima kachewere. Mu Julayi ndinaimaliza, ndipo a Ngozo anati tiitumize kumpikisano wina umene anaumva pawailesi. Zotsatira zake akuti zidzatuluka mu Okutobala. Eni mpikisanowo ankafunanso tsamba limodzi loti wolemba afotokoze za iye mwini ndi mmene amalembera. Tsamba limeneli sindinawaonetse a Ngozo, chifukwa ndinkafuna ndiwatamemo mowadzidzimutsa. Koma lamulo lawo ndinalitsatira. Iwo amati chiganizo choyamba chizikhala chachifupi, ndipo chizigwira munthu pakhosi. Ndiye ndinalemba chonchi (ndikulemba izi nkhope ikutentha):

"Ndili pakati. Mwana ameneyu ndamusenza miyezi isanu ndi umodzi tsopano, ndipo palibe akudziwa. Ndimamubisa kuntchito, ndimamubisa kusukulu. Amayi anga sindinawauze chifukwa sangamvetse. Amene anadzala mbewu imeneyi mwa ine ndi a Ngozo, ndipo sindidzawaiwala."

M'munsi mwake ndimo ndinamasulira zonse bwinobwino: kuti ndili pakati pa ntchito, sukulu ndi kulemba, ndiponso kuti mwana ndikunenayo ndi nkhani yanga. Nditawerenganso ndinadziwombera m'manja. Ndinati apa pokha oweruza akagwa pamipando. Ndinakatayipitsa ku Boma, ndinatumiza, ndipo pepala lolemba pamanja lija ndinaliiwala.

Tsopano za mapepala. Ine kugula mapepala oyera ndinkaona ngati kuwononga, ndiye ndinkayamba kulemba chilichonse kuseri kwa manotsi akale a kukoleji, kenako n'kukopera m'makope. Abiti Yusufu nawo amakazinga samusa pakhomo pa golosale, samusa wodziwika mpaka madalaivala a mathiraki amaimira dala. Ndipo amakulungira m'mapepala. Temu ikatha ndinkawapatsa manotsi anga akale, iwo n'kumang'amba pepala lililonse pakati, chifukwa amati samusa mmodzi sangadye tsamba lonse. Lachinayi lina, ndikuthamangira kutseka kuti ndikamalize asayimenti, ndinakoka mtolo wonse pansi pa kauntala n'kuwapatsa.

"Wasanthula bwinobwino? Mulibe za ntchito?" anandifunsa.

"Zonse n'zakale, amayi. Kulungirani."

Mwaonatu, mayiwa anandifunsa. Mlandu alibe.

Zimene zinachitika Lachisanu ndili ku Boma ndinazimva pambuyo. Azakhali anagula samusa awiri pamsika. Akudya anaona dzanja langa papepala, ndipo azakhali sangaone chinthu cha munthu wina osachiwerenga. Anali ndi theka lakumtunda lokha. Theka lakumunsi, lija lomasulira zonse, akuti linapita ndi dalaivala wina wolowera ku Lilongwe. Tsono mafuta a samusa anadontha ndendende pakati pa "ndili" ndi "pakati", ndipo azakhali anaganiza kuti pamafutapo pabisala kamawu kamodzi kakang'ono. Anakaikapo okha. Samusa wachiwiri sanadye, akuti anangomupatsa galu.

Chowawa n'chakuti umboni wina ndinali nditaupereka kale ndekha. Miyezi imeneyo ndinkasinza paliponse, ngakhale pakati pa ulaliki. Kawiri konse anthu a m'mudzi mwathu anandiona ndikusanza potsika minibasi (yesani kuwerenga manotsi m'makhotakhota a msewu wa ku Boma, mudzandiuze). Masaya anali atatuluka chifukwa samusa wophulika Abiti Yusufu ankapatsa ine. Pamwamba pa zonsezi, kuzizira kwa Julayi kwathu kuno mukukudziwa, ndinkavala chijuzi chachikulu cha pakaunjika, ndipo makope anga atatu a zikuto zolimba ndinkawalowetsa m'kati mwake, kutsogolo, kuti amayi asawapeze m'chikwama.

Loweruka limenelo nditatsika minibasi ndinapeza azakhali akundidikira pasiteji. Anangoti, "Tiye kunyumba." Titafika ndinapeza amayi atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, mulu wa kachewere wa mbewu uli patsogolo pawo, koma sakusankha. Maso ali psuu.

"Khala pansi," anatero azakhali. "Pali chimene ukutibisira?"

Ndinati basi, andigwira. Wina wandiona pakhonde pa a Ngozo, kapena apeza kapepala ka mpikisano kamene ndinabisa pansi pa matiresi. Ndinaganiza zokana, koma nditaona nkhope ya amayi ndinati ayi, bodza lakwana.

"Chilipo, azakhali."

"Mayo ine!" anatero amayi, manja kumutu.

Apa ndiime kaye ndidziteteze pang'ono. Akuluakulu akwathu satchula zinthu zina ndi dzina, amangozungulira. Ndipo Chichewa chathuchi chinandipereka. Mawu akuti nkhani ndi mawu ena aja amayendera njira imodzi: ili, yanga, yake, ina. Azakhali ankanena yawo, ine ndinkayankha yanga, ndipo ziganizo zinkalumikizana bwinobwino popanda chokhumudwitsa.

"Ili ndi miyezi ingati?"

"Isanu ndi umodzi. Zinayamba mu Januwale, nthawi ya holide."

"Ndiye ukuyembekezera liti?"

Ndinadabwa kuti adziwa mpaka za mpikisano. "Akuti mu Okutobala, akapanda kuchedwetsa."

Azakhali anawerenga zala, n'kugwedeza mutu kuyang'ana amayi. Masamu anatheka.

"Nanga bwanji sitimaiona?"

"Ndimaibisa, azakhali. Chijuzichi chimandithandiza." Ndipo ndinasisita pamene panali makope paja. Inde, ndinasisita.

Amayi anayamba kulira chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Zinandipweteka kwambiri, ndiye ndinati ndiwatonthoze.

"Amayi, musadandaule, sikusokoneza sukulu ayi. Kukoleji tilipo angapo. Wina ali nazo kale ziwiri, koma amakhoza kuposa tonse. Ineyo zikayenda bwino ndikufuna ina chaka chamawa."

"Tamumvani!" anakuwa azakhali. "Mlamu, tamumvani mwana wanu! Maso ali gwaa, manyazi alibe! Iwe, ndi yayani?"

"Ndi yanga, azakhali."

"Ndikudziwa kuti ndi yako! Unaipanga wekha?"

"Ayi. A Ngozo anathandizapo kwambiri."

"A Ngozo ake ati? Mwana wawo uja wa ku Joni?"

"Ayi, eni akewo. Aphunzitsi."

Nkhuku imene inkatola pafupi ndi mphasa nayo inaima. Azakhali anadzuka, anamasula chitenje n'kuchimanganso mwamphamvu, ndipo amene amawadziwa amadziwa kuti zikatero kwinaku kukagwa mtengo.

"Zodikira m'bandakucha n'za anyamata othawa," anatero. "Nkhalamba sithawa. Dzuka, tikaitule kwa mwini wake pompano."

Mawu akuti kutula ndinawamva. Ndinakulira m'mudzi, ndikudziwa chimene amakatula atsikana kwa mwamuna akamaperekezedwa ndi azakhali awo. Koma mutu wanga unali wodzaza ndi asayimenti iwiri ndi tulo ta miyezi isanu ndi umodzi, ndiye mawuwo analowa uku n'kutulukira uku. Ndinaganiza kuti akufuna ndikasiye makope anga kwa a Ngozo, ndipo mtima unakhalako pansi. Ndinati bola kumeneko akasungika, kusiyana n'kuti awasonkhezere pamoto. Ndiye ndinatsogola ndine, mwachangu, mpaka azakhali anati, "Taonani, njira akuidziwa ngati ya kuchimbudzi."

Tinadutsa pamsika tili mundondo, ine patsogolo, azakhali pakati, amayi pambuyo atafunda chitenje kumutu. Anthu ankasiya kutsatsa malonda n'kumatiyang'ana (azakhali chinsinsi amachisunga pouza anthu mmodzimmodzi). Abiti Yusufu anandikodola ali pachiwaya chawo, nkhope ili ndi nkhawa, ine n'kuwabayibitsa mosangalala.

A Ngozo tinawapeza kudimba kuseri kwa nyumba, tayi ili m'khosi, kheni yothirira ili m'manja. Anatilandira mwaulemu wonse, anatulutsa mipando, ife tinakhala pamphasa. Malonje anayenda mwadongosolo lake, aliyense ndi chiwongo chake, zikomo uku zikomo uku, chifukwa ngakhale wabwera ndi nkhondo moni sadumpha. Kenako azakhali anakhosomola.

"A Ngozo, tabwera ndi katundu wanu."

"Mwati?" Anatembenuza khutu lakumanja.

"Katundu wanu! Mwanayu waulula zonse. Akuti ndinu."

Nkhope ya a Ngozo inawala. "Waulula? Aa, zikomo kwambiri! Alembi, mwachita bwino. Ndakhala ndikumuuza mwanayu kuti auze amayi ake. Chinthu chabwino sabisa."

"Ndiye mukuvomera?"

"Ndikanirenji? Ndikunyadira kumene! Pa onse amene ndawathandiza m'dera lino, uyu ndiye wagwira msanga."

"Alipo enanso?" Mawu a azakhali anatuluka opyapyala.

"Ambiri! Ndinayamba kalekale ndisanapume. Wina ali ku Lilongwe, yake anailengeza mpaka pawailesi."

Nthawi imeneyo aNambewe anatulukira ndi thireyi ya tiyi. Azakhali anawayang'ana mwachisoni, monga mmene amayang'anirana amayi pamaliro.

"Pepani aNambewe, kuti muzimvere pamaso pa anthu chonchi."

"Za awiriwa? Ndimadziwa ine," anatero aNambewe akuika makapu. "Loweruka lililonse. Tiyi amene amamwa ndimaphika ndine. Bola zimawachotsa kudimba bambowa."

Apa ndiye azakhali anaphulika. Anaimirira, ulemu wonse anauponya kuchitsamba.

"Koma anthu inu Mulungu mumamuopa? Munthu wamkulu, wa imvi, wa tayi, kupereka mimba kwa mwana wa malemu mlongo wanga, akazi anu n'kumaphika tiyi!"

Mawu aja anagwa pabwalo ngati dzungu. Zonse zimene ndinayankha kunyumba zija zinayamba kubwerera chimodzichimodzi, chilichonse chitavala tanthauzo lina. Okutobala. Chijuzi. Ina chaka chamawa. Abale inu, ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe, anthu adzalepo kabichi pamwamba.

A Ngozo anatembenukira kwa akazi awo. "Akuti ndiimbe?"

"Akuti mimba!" anakuwira m'khutu labwino lija aNambewe. Anayang'ana azakhali, anayang'ana ine, anayang'ana amuna awo ndi tayi yawo yonyowa kunsonga. Anayamba aika ketulo pansi bwinobwino, chifukwa ndi mayi wosamala zinthu, kenako anagwa nako kuseka. Anaseka mpaka kugwira chipilala cha khonde.

"Si mimba!" ndinakuwa. "Azakhali, amayi, si mimba! Ndi nkhani!"

"Nkhani ndiye imeneyi tabwererayi," anatero azakhali.

"Ayi, nkhani yolemba! Yopeka!"

"Nanga icho?" Analoza pamimba panga.

Ndinatsegula zipi ya chijuzi, ndinapisa dzanja, ndinasolola makope atatu n'kuwaika pamphasa. Mimba yonse inaphwa pomwepo anthu akuona.

"Wachira!" anakuwa aNambewe, misozi ili mbwembwembwe, n'kuimba nthungululu. "Wachira mwana! Atatu nthawi imodzi, opanda mzamba!"

Azakhali sagonja msanga. Anamasula mfundo ya pachitenje n'kutulutsa kapepala kamafuta, kopindidwa kanayi. "Nanga ichi analemba ndani? Dzanja ili si lako? Werenga wekha, anthu amve."

Nditangoona manotsi a kukoleji kuseri kwake ndinadziwa zonse. Ndinawerenga. Palibe chilango choposa kuwerenga mokweza mawu amene unkadzitama nawo, pamaso pa azakhali ako, pepala likununkha anyezi. Pofika pa mbewu ija mawu anandithera, aNambewe anachita kukhala pansi. Ndinafotokoza za theka linalo, za mpikisano, za mafuta amene anagwera pakati pa mawu. Azakhali anayang'anitsitsa kapepalako atakatalikitsa, kenako atakayandikitsa, kufunafuna kamawu kawo kaja. Sanakapeze.

A Ngozo, atamvetsa tsopano chimene ankawaganizira, anayamba akonza kaye tayi. Ndinkaopa kuti akwiya, ndipo akanakwiya ndikanawamvetsa. Koma anatambasula dzanja kuti aone pepalalo, anavala magalasi, n'kuwerenga ngati akuchonga mayeso.

"Chiganizo choyamba chili bwino," anatero. "Ndinati chizigwira munthu pakhosi, ndipo mwaona nokha, chagwira. Koma alembi, za mbewuzi mukanandionetsa ndikanadula ndi chofiira. Fanizo likakula kuposa mwini wake limaluma."

Azakhali anapepesa, kupepesa kwake kwa azakhali. Anati pepani a Ngozo, koma nanunso mayankhidwe anu. Anakana tiyi, kenako anamwa makapu awiri. Pobwerera anatsogola patali, akuti akathamangire mbuzi, koma ndikudziwa kuti ankathamangira kukayamba kubweza nkhani ija khomo ndi khomo, ntchito imene mpaka lero sanaimalize.

Ndinatsala ndi amayi. Pabwalo paja anthu onse anaseka kupatula iwo, ndipo ndinaziona. Tinayenda kamtunda ndithu, ine makope ali m'manja poyera, popeza pobisa panalibenso. Ndinkadikira chiweruzo changa. Lonjezo ndinaswa, ndipo mawu awo ndinkawakumbukira bwino: ubwere tizilima kachewere. Ndinayamba kale kutsanzikana ndi koleji mumtima.

Titafika pa mlatho waung'ono wa kudambo anaima.

"Tawerenganso paja pali ine."

Sindinafunikire pepala. "Amayi anga sindinawauze chifukwa sangamvetse."

"Sangamvetse," anabwereza pang'onopang'ono. "Iwe, dzulo azakhali ako atandiwerengera kapepalako ndinalira, sindikana. Ndinalira mpaka mutu kuwawa. Koma pofika m'mawa uno ndinali nditamaliza kuganiza. Ndinati mwana ndilera ndine, iye apitirize sukulu, anthu aseke atope. Ndinatsegula sutikesi, ndinatulutsa chitenje changa chatsopano chija ndimasungira zikondwerero, ndinati ichi chidzakhala mbereko. Mimba ndinali nditailandira kale usanatsike n'komwe minibasi. Ndiye iwe ukuti makope atatu awa ndi amene sindingawamvetse?"

Manyazi a pabwalo la a Ngozo aja anali ochepa poyerekeza ndi awa. Ndinalira pamlathopo ngati mwana, anthu a njinga akutilambalala, ndipo ndikukhulupirira kuti amene anationa anapita kukatsimikiza kuti nkhani ija ndi yoona.

"Pukuta m'maso," anatero amayi. "Chimene chinandiwawa pa Fomu 4 si kulembako, ndi kulephera. Mayeso a temu yatha unakhoza?"

"Ndinakhoza, amayi."

"Ndiye tiye. Kachewere uja sanasankhidwe chifukwa cha iwe. Uzikawerenga, ine ndizikasankha."

Ndinawawerengera nkhani yonse kuseri kwa nyumba, dzuwa likupendeka. Sanandidule mawu mpaka pakati pa kope lachiwiri, pamene anaimika dzanja m'mwamba, mbatata ili m'manja.

"Ima kaye. Mayi ameneyu wakumba kachewere lero, mvula ikugwa, n'kumuthira m'matumba lero lomwe?"

"Ee."

"Wonyowa? Ndi matope ake?"

"Ee, amathamangira galimoto."

"Awola yense asanafike kumsika. Ndiye ukuti ndi mlimi wodziwa? Mayi ameneyu ndi chitsiru, kapena chitsiru ndi amene anamulemba. A Ngozo sanaone zimenezi?"

"Iwo amaona za ziganizo."

"Hm. Anthu a kabichi."

Okutobala anafika, zotsatira zinatuluka, dzina langa panalibe. Sindinapeze ngakhale nambala yachitatu. Nditawauza amayi sanadabwe n'komwe. Anati, "Ndinanena ine, ndi kachewere wonyowa uja." Lamulo latsopano linakhazikitsidwa tsiku lomwelo: asayimenti iziyamba, nkhani izibwera pambuyo, ndipo nkhani iliyonse aziyamba kuimva ndi iwo isanapite kwa a Ngozo. Abiti Yusufu nawo anaika lawo. Pepala lililonse lochokera kwa ine amaliwerenga mbali zonse ziwiri asanakulungire samusa, ndipo kawiri konse andibwezera tsamba n'kundiuza kuti mnyamata wa m'nkhaniyo sakumukhulupirira.

Theka lina lija silinapezeke. Kwinakwake kuli dalaivala amene amadziwa kuti ndili pakati pa ntchito, sukulu ndi kulemba, ndipo ndi munthu yekhayo m'dziko muno amene anamva nkhaniyi molondola kuyambira pachiyambi.

Chitenje chija amayi sanachibwezere m'sutikesi. Lachisanu lotsatira ulendo wa kwa a Ngozo uja, ndikukonzeka kupita ku Boma, ndinachipeza pabedi panga, atachidula n'kusoka kachikwama ka lamba wautali, kokwana makope atatu ndendende.

"Mwana samuika m'chijuzi," anatero osandiyang'ana. "Amabereka poyera."

Ndimayenda nako mpaka lero. A Ngozo anandilangiza kuti ndisiye mafanizo a ana ndi mbewu, ndipo ine ndinasiyadi. Amene sanasiye ndi amayi. Lamulungu lapitali, tikutuluka m'tchalitchi, anthu ali yakaliyakali pakhomo, anandiitana mokweza kuchokera kutsidya la bwalo: "Iwe! Wachiwiri uja wafika miyezi ingati?"

Azakhali anali pambali panga. Ndinaona zala zawo zikuyamba kuwerenga.